Makoko ndi Njere za Mawu

Aliyense amene anaimapo pamsika wa Kamwendo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mtedza wa m'minda ya Mchinji wauma ndipo ngolo zikutula matumba m'mphepete mwa msewu wochokera ku Lilongwe, adziwa kuti mayi wozindikira malonda sakhulupirira makoko. Atapa dzanja limodzi, naligwedeza pafupi ndi khutu, naswa makoko awiri atatu ndi chala chachikulu, ndipo pokhapokha ataona njere yofiira yodzaza chipinda chake m'pamene amasula mfundo ya chitenje. Pakuti adziwa kuti khoko lalikulu ndi losalala likhoza kubisa mphwephwa, monga akulu ananena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mayi ameneyu ndimamkumbukira ndikaona anyamata ndi asungwana a m'masukulu athu a sekondale, amene pokonzekera mayeso a MSCE achezera kuloweza mawu akuluakulu a Chingerezi, ena m'mabuku, ena pa foni, nawathira m'mitu mwawo monga munthu athira mtedza m'nkhokwe osaswako ndi khoko limodzi lomwe. Ndipo funso limene landisowetsa tulo ndi ili: kodi munthu amene wadziwa liwu, wadziwanso chinthu chimene liwulo lanyamula?

Funsoli sindinalitole m'buku. Anandipatsa ndi agogo anga aakazi, amene sanapondepo pakhomo pa sukulu. Ndili mnyamata ndinkayenda ndi kabuku kotchedwa The Student's Companion, kamene a msinkhu wanga sangakaiwale, pamodzi ndi kadikishonale kothothoka chikuto, ndipo tsiku lina madzulo, nditatupa ndi nzeru zatsopano, ndinawapeza agogowo akuswa mtedza pakhonde, ndi kuwauza kuti, “Agogo, lero ndaphunzira liwu loti ngakhale aphunzitsi achita nalo chibwibwi: magnanimity.” Iwo, osakweza ndi mutu womwe, anati, “Wachita bwino, mdzukulu wanga. Nanga likuti chiyani?” Ine ndinayankha msanga kuti likuti generosity, ndiponso nobility. Pamenepo anaika lichero pansi, nandiyang'ana nthawi yaitali, nati, “Iwe mwana, ndakufunsa njira ya kudambo, ndipo wandibweretsera alendo awiri osadziwanso njira.”

Zinanditengera zaka kuti ndione kuti nkhalamba ija inagwira nkhani pamutu. Mtanthauziramawu aliyense, kaya akhale wonenepa chotani, amasulira liwu ndi mawu ena, ndipo mawu enawo amasulidwanso ndi ena, kotero kuti munthu akhoza kuzungulira m'menemo tsiku lonse ngati wosokera m'nkhalango ya m'mapiri a Mchinji, osatulukira pamtetete. Michael West, Mngelezi amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Bengal, analiona vutoli. Ndipo mu 1935, pamodzi ndi James Endicott, anatulutsa New Method English Dictionary, m'mene anamasulira mawu ndi ziganizo 24,000 pogwiritsa mawu ang'onoang'ono 1,490 okha. Apa pali phunziro lakuti mawu akulu aima pa mapewa a mawu ang'ono, monga denga likhala pa mizati. Koma nanga mawu ang'onowo aima pa chiyani? Aima pa madzi amene tinamwa, moto umene unatitentha, ndi misozi imene tinalira. Buku la Genesis lisimba kuti pamene munthu woyamba anatcha maina zamoyo, Mulungu anayamba wazibweretsa pamaso pake. Nyama inaima, munthu naiona, ndipo dzina linadza pambuyo. Ife lero tatembenuza dongosolo limeneli: tiunjika maina m'khola, koma nyama zake sitinazionepo.

Sindinena kuti njira yofika ku njere kulibe. Ilipo, ndipo yoyamba ndiyo kuswa liwu ndi kuona ziwalo zake. Chingerezi ndi chinenero cha mitala: kuyambira 1066, pamene Anormani olankhula Chifalansa anagonjetsa England, chinatola mawu ochuluka a Chifalansa, ndipo kudzera mu mpingo ndi masukulu chinatolanso a Chilatini ndi Chigiriki, kotero kuti pa ntchito imodzi ya kufunsa chili ndi ask wa pakhomo, question wa pabwalo, ndi interrogate wa kupolisi. Izi zisatidabwitse ife a kuno, amene tinalandira nduna kwa Angoni, nsapato ndi kalata kwa Apwitikizi, ndi sukulu kwa Angelezi, mpaka taiwala kuti anali alendo. Tsono mawu ambiri otiopsa aja, ukawavula jekete, upeza kuti m'kati muli munthu wamba. Companion ndiye amene udya naye mkate, monga ife tinena za wodya naye mbale imodzi. Humility achokera ku liwu la dothi, ndipo wodzichepetsa ndiye amene akhala pansi popereka moni kwa mfumu. Redemption ndiko kugulanso chimene chinapita, ndipo makolo athu, amene ankawombola mbale wawo wogwidwa ukapolo, anachidziwa chiwombolo amishoni asanafike.

Komabe njira imeneyi ili ndi mbuna yake, ndipo ine ndinagweramo ndi liwu langa lomwe lija. Nditaliswa ndinapezamo ziwalo ziwiri za Chilatini, chimodzi chonena za ukulu, china chonena za mtima. Ndipo ndinakondwera, ndi kuti m'Chichewa ndiko kukula mtima. Koma Mchewa aliyense adziwa kuti wokula mtima ndi munthu wodzikuza, wosamva za anzake, pamene Mngelezi ndi liwu lakelo atamanda munthu amene, ali ndi mphamvu yobwezera, aleka. Ziwalo n'zofanana, koma chimodzi ndi chitonzo, china ndi ulemu. Ife okhala m'malire tiyenera kukhala oyamba kumvetsa zimenezi, pakuti pachipata cha Mwami, pamene anthu a mtundu umodzi ndi chinenero chimodzi aonetsana mapasipoti, pali ndalama ziwiri za dzina limodzi: kwacha ya Zambia, imene inayamba mu 1968, ndi kwacha ya Malawi, imene inadza mu 1971. Wopusa yekha ndiye angaganize kuti popeza dzina n'limodzi, mphamvu yake ndi imodzinso. Osintha ndalama angamlandire ndi manja awiri. Liwu nalonso, likamadutsa malire, liyenera kufunsidwa mtengo wake wa tsidya lino.

Amene analimbana ndi nkhani iyi koposa tonse ndiwo omasulira Mawu a Mulungu, pakuti kwa iwo kuphonya tanthauzo kunali kusokeretsa mizimu. M'boma lathu lomwe lino la Mchinji, patsinde pa phiri la Kalulu, kufupi ndi malire, a White Fathers anatsegula seminale ya Kachebere mu 1939, kumene ana a alimi a Nyasaland ndi Northern Rhodesia ankaphunzira Chilatini ndi nzeru zakuya pokonzekera unsembe. Kum'mawa, ku Nkhoma, William Murray ndi anzake, Azungu ndi Achewa, anagwira ntchito imene inabala Buku Lopatulika mu 1922. Onsewa anakumana ndi liwu limodzi, limene Mngelezi ati grace, lochokera ku gratia wa Chilatini. Akatolika anasankha chaulere, poona kuti mphatso ya Mulungu siigulidwa ndi ntchito kapena ndalama; a mipingo ina anasankha chisomo, liwu lakale lonena za munthu amene anthu angomkonda pomuona, osadziwa chifukwa. Ndani analakwa? Ine nditi palibe. Aliyense anagwira mwendo umodzi wa nyama yaikulu yosatheka kuisenza munthu mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo mwana wa ku Guilleme kapena ku Ludzi amene adziwa mawu onse awiriwa, pamodzi ndi malo amene lililonse lilephera, alidziwa liwu la Chingerezilo mozama kuposa ambiri amene anayamwa Chingerezi m'mawere. Apa ndiona kuti chinenero cha amayi ako si mdani wa Chingerezi chako. Ndicho sikelo imene uyezera ngati mawu achilendowo ali ndi kulemera.

Wina angati, “Ngati zili chomwecho, tisiyeni ndi Chichewa chathu; mawu akuluakuluwo n'ngachabe.” Ameneyu ndimkumbutse mbiri ya dziko lino. Mu 1891 Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, anatenga kwa Inkosi Mpezeni pepala limene m'Chingerezi alitcha concession. Mwa mwambo wathu, mfumu ikapatsa mlendo malo sinamgulitse dziko. Koma ku London pepalalo linawerengedwa ngati umwini wa dera lalikulu, linafika m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo pofika 1898 mfuti zinalira, Angoni anagonja, Nsingo mwana wa Mpezeni anawomberedwa, ndipo ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa. Boma lathu lino linakhala zaka zochuluka likutchedwa Fort Manning, dzina la William Manning, mkulu wa asilikali amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Sindinena kuti liwu limodzi ndilo linaputa nkhondo, pakuti wofuna golide sasowa chifukwa. Koma ndinena kuti pamene mbali imodzi idziwa tanthauzo ndipo inayo ingodziwa kamvekedwe, wodziwa kamvekedweyo ndiye alira. Ndipo kufikira lero mlimi wa fodya amene adinda chala pa pepala la ngongole lokhala ndi liwu lakuti collateral, osadziwa kuti ndicho chikole, ndi kuti chikolecho ndi ng'ombe zake, ali pa njira yomweyo. Safunsa anadya phula. Chifukwa chake mawu akuluakulu tiyenera kuwaphunzira, ndithu, ndi khama lonse; malamulo athu, makhoti athu ndi mayeso a ana athu zili m'Chingerezi, ndipo wonyoza mawuwa apereka khosi lake kwa owadziwa.

Chotsala ndi kufunsa mtima umene tiwaphunzirira. Omanga nsanja ya Babele anafuna kudzipangira dzina, ndipo mapeto ake anali akuti munthu sanamvenso mnzake. Koma pa Pentekoste chozizwitsa chinali chakuti mlendo aliyense anamva m'chinenero cha kwawo. Tonse tinamuonapo munthu amene aimirira pamaliro kapena pamsonkhano wa kumudzi, nagubuduza mawu a Chingerezi ngati miyala, osati kuti amveke, koma kuti aopedwe. Ameneyo amanga Babele wake pakati pa abale ake, ndipo liwu limene linapatsidwa kuti likhale mlatho walisandutsa mpanda. Mtumwi Paulo, amene anali wophunzira koposa ambiri a m'nthawi yake, anauza Akorinto kuti kwa iye mawu asanu omveka, othandiza omvera, aposa zikwi khumi zosamveka. Ndipo nduna ya ku Etiopia ija, imene Filipo anaipeza ikuwerenga mneneri Yesaya pa galeta, inkatchula mawu onse bwinobwino. Ulemu wake unali wakuti itafunsidwa ngati ikumva, sinachite manyazi kuvomera kuti ifuna woitsogolera. Kudziwa tanthauzo kuyamba ndi kudzichepetsa kotere, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono ophunzira anga ndimawauza kuti liwu silinakhale lawo kufikira litapyola zipata zitatu. Choyamba, alinene m'Chichewa choti agogo awo amve, ngakhale patafunika mawu khumi m'malo mwa limodzi. Chachiwiri, aloze munthu kapena chochitika cha m'mudzi mwawo chimene liwulo lichikwana. Chachitatu, anene pamene liwulo silikwana, ndi chimene lisiyana nacho ndi abale ake ofanana nalo nkhope. Mawu asanu pa sabata odutsa zipata izi aposa makumi asanu oloweza. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chipata chachiwiricho ine ndinachipyola mochedwa. Patapita zaka zingapo chichitikire za pakhonde zija, mbuzi za munthu wina wa m'mudzi mwathu zinalowa m'munda mwa agogo ndi kuwononga mtedza. Ndipo munthuyo anali yemwe uja amene, mwana wake atamwalira, anawanenera agogowo za ufiti pamaso pa anthu. Mlandu unapita kwa a nyakwawa, ndipo unagamulidwa kuti alipe mbuzi yaikazi. Mudzi wonse unati lero nkhalamba yapeza pobwezera. Mbuzi itabwera, agogo anagwira chingwe, nayamika bwalo mwaulemu, kenaka anaitana kamwana ka munthu uja, nakapatsa chingwecho, nati, “Pita nayo kwanu, mwanawe. Mtedza umeranso chaka chamawa, koma chinansi chikafa sichiphuka.” Ndipo kufikira tsiku la imfa yawo sindinawamve akuitchulanso nkhaniyo, ngakhale kwa ife a m'nyumba.

Ndinaima pabwalo paja ndi Chingerezi changa chonse, ndipo liwu limene ndinalisenza zaka zambiri ngati khoko louma linasweka m'manja mwanga. Agogo anamwalira osatha kulitchula. Ine, amene ndilitchula ndi kulilemba pabolodi, sindinapezebe liwu limodzi la Chichewa lolikwana. Ndipo mwana akakweza dzanja m'kalasi kundifunsa kuti magnanimity n'chiyani, ndimatseka dikishonale ndi kumsimbira za mbuzi ija.