M'mera mpoyamba

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo akatswiri opanga timipira ta pulasitiki amauona mwambiwu ndi maso. Amasungunula styrene mu ethanol pamodzi ndi mankhwala otchedwa AIBN ndi PVP, n'kutenthetsa kufika madigiri 70. Poyamba madziwo amaonekera mpaka pansi. AIBN imachititsa styrene kulumikizana kukhala timaunyolo ta polystyrene, timene tikatalika timakana kusungunuka, timaunjikana kukhala timbewu ta timipira, PVP n'kutikuta kuti tisamatane, madzi aja n'kusanduka ngati mkaka. Chiwerengero cha timipira chimakhazikika pomwepo, styrene wambiri asanakhudzidwe n'komwe. Kotsalako n'kungonenepa, tonse mofanana, mpaka ma micron angapo.

Chondigwira mtima n'chakuti ukathira utoto poyambirira, timipira timatuluka tosiyana misinkhu. Mu 2004 gulu la Mitchell Winnik ku Toronto linaonetsa kuti kudikira timbewuto tiyambe tabadwa, kenaka n'kuthira utotowo, kumathetsa vutoli.