KODI MUNTHU ALANGIDWE KAWIRI PA MLANDU UMODZI?

M'mwezi wa May 2025 apolisi a ku Indonesia anagwira Jarred Shaw, munthu wa ku America wosewera mpira wa basketball pa malipiro, cifukwa ca maswiti 132 osanganiza ndi camba amene anamfikira kucokera ku Thailand. Iye anati camba cimamziziritsa ululu wa nthenda ya m'matumbo yochedwa Crohn. Mlandu usanafike pa bwalo, timu yace ya Tangerang Hawks inamcotsa nchito, ndipo bungwe la masewerawo m'dzikomo linamletsa kusewera moyo wace wonse.

Zaka zitatu m'mbuyo mwace, mu February 2022, Brittney Griner anagwidwa pa bwalo la ndege ku Moscow ndi mafuta a camba osakwana gramu imodzi. Mu August anamlamula kukhala m'ndende zaka 9, mu December anamasulidwa posinthana akaidi. Bungwe lace la WNBA silinamtaye iai, ndipo mu 2023 anasewereranso timu yace ya Phoenix Mercury.

Tsono funso ndi ili: boma likagwira munthu, kodi bungwe lace liri ndi ufulu wakuonjezapo cilango cina?

Tiyankha kuti liri nao, pakuti mangawa ali awiri. Boma lilanga cifukwa ca lamulo losweka. Bungwe lilanga cifukwa ca pangano losweka. Kalaliki wa pa Capital Hill akasowetsa ndalama za boma, apolisi amtengera ku bwalo, nayonso ofesi imuimitsa nchito, ndipo palibe wonena kuti amlakwira. Momwemonso wosewera anavomera malamulo a bungwe tsiku limene analandira malipiro oyamba. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Kuonjezera apo, dzina la munthu wochuka likoka anthu. Boma lathu lomwe lidziwa ici. Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe italola mu 2020 kulima camba ca mankhwala ndi ca m'mafakitale, Unduna wa Malimidwe unalembera Mike Tyson, katswiri wa nkhonya, mu 2021 kumpempha akhale kazembe wa mbeuyo. Cimene anafuna kwa iye ndi dzina. Ngati dzina likhoza kugulitsa mbeu, likhozanso kusokeretsa mnyamata wa ku Area 47 amene aonera masewera pa foni, osakumbuka kuti kusuta camba kukali mlandu m'Malawi muno. Wokhumudwitsa ana ambiri asenza katundu wolemera koposa wocimwa m'tseri. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Koma ufulu umenewu uli ndi malire awiri. Oyamba ndi awa: woimbidwa mlandu sali wotsutsidwa. Kumuimitsa poyembekeza ciweruzo n'kwanzeru. Kumpitikitsa kwamuyaya woweruza asanamve mbali yace n'kuteteza mbiri ya bungwe, osati cilungamo. Kudziwa ngati munthu agulitsa, kapena wagwidwa ukapolo ndi cizolowezi, kapena afunafuna mpumulo pa nthenda, kufuna nthawi ndi umboni.

Malire aciwiri ndi awa: cilango ndi mankhwala, monga anaphunzitsa Thomas Aquinas Woyera, ndipo mankhwala akupha wodwala sacokera kwa sing'anga wabwino. Bungwe la NBA ku America linacotsa Chris Andersen mu January 2006 cifukwa ca mankhwala ozunguza bongo, koma lamulo lace linamlola kupemphanso malo patapita zaka ziwiri. Iye analandira cithandizo, nabwezedwa mu March 2008, ndipo mu 2013 anatenga cikho ndi Miami Heat. Cilango cinali cowawa ndithu, koma khomo linasiyidwa losapiringidza.

Abale, nkhaniyi si ya kutali. M'maparishi mwathu muli matimu, makwaya ndi mabungwe a acinyamata, ndipo tsiku lina mmodzi wa ana athu adzagwidwa ndi ndudu ya camba m'thumba. Inu akatekisti ndi makolo, musambisire colakwa cace, musamgulirenso ufulu ndi ciphuphu ku polisi. Muimitseni ngati kuli koyenera. Koma pomuimitsa mumuuze tsiku limene adzabwere, zimene ayenera kucita kufikira tsikulo, ndi dzina la munthu wamkulu amene adzayenda naye.