Kodi Ngozi Ilibe Mwini?

Nkhani imene ndikufuna tiganizire pamodzi yakhala ikundisautsa mumtima kwa miyezi yambiri, ndipo ndiyamba ndi kuulula mbali yanga.

Kunagwa maliro kwa mmodzi wa ife ku Chilenje, mu Lusaka. Ine ndinafika mochedwa chifukwa ndinali ndi makalasi m'mawa. Ndinapeza magalimoto atadzaza kale mbali zonse ziwiri za mseu, ndipo malo okhawo otsala anali pakona penipeni, pamene anthu oyenda pansi amawolokera. Ndinaimika galimoto yanga pamenepo, ndi kumanga chitenje, n'kulowa m'nyumba ya maliro. Nthawi itakwana yoti ana aweruke kusukulu, tinamva kulira kwa mabuleki kunja, kenaka mfuu. Kamtsikana ka giredi 3 kanatulukira kuseri kwa galimoto yanga kuti kawoloke, ndipo mnyamata wina amene ankathawa mzere wa magalimoto pamseu waukulu anakagunda. Mulungu anachita chifundo, mwanayo sanafe, koma mwendo unathyoka ndipo anakhala miyezi iwiri osapita kusukulu.

Anthu anakalipira mnyamatayo, apolisi anabwera n'kumutenga, ndipo ife tinabwerera kukaimba nyimbo za maliro. Aliyense ankati, "Inali ngozi." Palibe amene anandifunsa kanthu. Koma usiku umenewo tulo sitinabwere, chifukwa ndinkadziwa kuti chimene chinabisa mwanayo kwa woyendetsa, ndi kubisa woyendetsa kwa mwanayo, inali galimoto yanga. Sindinafune kupweteka munthu. Ndinapita kukatonthoza olira. Funso langa tsono ndi ili: kodi munthu amene sanachite dala ali ndi mlandu?

Mau akuti ngozi timawakonda chifukwa amatipumulitsa. Tikati ngozi, timaika chinthucho pamodzi ndi mphezi kapena mtengo wogwa ndi mphepo, zinthu zimene palibe akanaziletsa. Koma zambiri zimene zimachitika m'miseu ya m'makomo mwathu sizili choncho, ndipo masamu ake ndi apafupi. Ndimawaphunzitsa kwa ana a sekondale. Galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 30 pa ola imapita mamita oposa pang'ono 8 pa sekondi imodzi. Yoyenda pa 60 imapita pafupifupi mamita 17. Woyendetsa watcheru amatenga pafupifupi sekondi imodzi kuchokera pamene waona mwana kufika pamene waponda buleki. Ndiponso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imakhwekhwereza buleki atapondedwa umawirikiza kanayi. Pamseu wouma, wa pa 30 amaima atayenda pafupifupi mamita 13 onse pamodzi. Wa pa 60, pofika pa mamita 13 amenewo, amakhala asanayambe n'komwe kuponda buleki. Onjezerani apo kuti mwana wa zaka zisanu ndi zitatu ndi wamfupi kuposa magalimoto ambiri amene timaimika m'mbali mwa mseu, ndiye mudzaona kuti chimene chinachitika ku Chilenje chikanadziwika chisanachitike.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamseu chaka chilichonse, ndi kuti ngozi za pamseu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa chinthu china chilichonse. N'chifukwa chake msonkhano wa maiko umene unachitikira ku Stockholm mu 2020 unapempha kuti pamene magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi, liwiro lisamapitirire makilomita 30 pa ola.

Ife achikulire tikukumbukira mmene Chilenje, Libala ndi Kabwata analili kale. Nyumba zinali za khonsolo, mipanda inali ya maluwa, ndipo pamseu wonse mwina panali galimoto imodzi kapena ziwiri. Ana ankasewera mpira ndi waida pakati pa mseu mpaka amai awaitane kukadya. Mu 1996 boma linagulitsa nyumba za khonsolo kwa okhalamo, ndipo tinakondwera. Aliyense anayamba kumanga mpanda wa njerwa wautali, ena mpaka kufika m'mphepete mwenimweni mwa ngalande. Kenaka anabwera magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, olowera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ndipo ngakhale mphunzitsi ngati ine anatha kugula. Kuyambira mu 2013 miseu yambiri ya m'makomo mu Lusaka inathiridwa tara. Maenje amene ankachedwetsa oyendetsa anatha, koma m'malo ambiri njira ya oyenda pansi sinaikidwe. Chilichonse mwa zimenezi chinali dalitso pachokha. Koma tikaziphatikiza, tikupeza kuti mwana ndi gogo, amene kale anali eni mseu, lero akuyenda mozemba ngati alendo pakhomo pao pomwe.

M'buku la Deuteronomo, mutu 22 ndime 8, muli lamulo lonena za womanga nyumba yatsopano. Nyumba za kumeneko zinali ndi madenga afulati pamene anthu ankakhalapo, ndipo mwini nyumba analamulidwa kumanga kampanda kuzungulira dengalo, kuti wina akagwa mlandu wa mwazi usakhale pa nyumba yake. Taonani kuti mwini nyumbayo sanakankhe munthu. Mwina panthawi imene mlendo akugwa iye ali kumunda. Komabe mlandu ukumupeza, chifukwa ankadziwa kuti padenga anthu amagwa, ndipo anali ndi mphamvu yotchinga. Makolo athu kumudzi ankadziwanso zomwezi. Wokumba mbuna ya nguluwe pafupi ndi njira ankachenjeza mudzi wonse, ndipo akapanda kutero, mwana wa wina n'kugweramo, mau akuti "sindinachite dala" sankathetsa mlandu pabwalo la amfumu.

Choncho yankho limene ndafikapo ndi lakuti mlandu uli ndi miyeso. Wochita dala ali ndi waukulu. Mnyamata amene ankathamanga pakati pa nyumba za anthu ali ndi wake, ndipo lamulo la dziko limamudziwa. Koma palinso mlandu wa munthu amene ankadziwa choopsa, akanatha kuchipewa ndi kuvutika pang'ono chabe, koma anasankha zomupepukira. Umenewo ndiwo wanga. Ndikanaimika galimoto patali ndi kuyenda pansi mphindi zisanu. Ndinasunga mphindi zisanu zanga, mwana wa mnzanga n'kulipira miyezi iwiri.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena mumtima. Wina akuti, "Nanga tiziimika kuti? Kodi tileke kupita kumaliro?" Iyai, tisaleke. Kulira ndi olira ndi ntchito yathu. Koma ntchito yabwino siyeretsa njira iliyonse imene tayendamo poichita. Ngati chikondi chathu pa banja limodzi chikutsekera banja loyandikana nalo chipata, kotero kuti mai woyembekezera sangatuluke usiku kupita kuchipatala, chikondicho chaona mnansi mmodzi n'kuiwala wina. Zomwezi zimachitika pa makitchini pate athu, pa maukwati, ndi pa Sabata m'mawa kunja kwa matchalitchi athu. Anthu okhala pafupi ndi tchalitchi amatidziwa ndi mmene timaimikira magalimoto asanamve n'komwe nyimbo zathu.

Wina akuti, "Makolo aziyang'anira ana ao." Zoona, ndipo tiwaphunzitse ana kuima, kuyang'ana mbali zonse, ndi kusawolokera pakati pa magalimoto oima. Koma mwana ndi mwana. Amathamangira mpira, amaona mnzake tsidya lina n'kuiwala zonse. Sitingasenzetse wa zaka zisanu ndi zitatu katundu amene ife a zaka makumi asanu tikukana kusenza. Amene ali ndi chitsulo cholemera m'manja mwake ndiye ayenera kusamala koposa. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Winanso akuti, "Imeneyi ndi ntchito ya khonsolo ndi RTSA." Mbali ina ndi yao ndithu. Bungwe la RTSA linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la 2002 kuti liziona za chitetezo, ndipo tili ndi ufulu wopita kwa khansala wathu kukapempha mahampu, zikwangwani ndi njira za oyenda pansi pafupi ndi sukulu. Tipite, tilembe makalata, tisatope. Koma palibe wapolisi amene adzaima pa geti lililonse m'mawa pamene tikutuluka chobwerera m'mbuyo kuseri kwa mpanda wautali. Pamenepo wotiyang'anira ndi chikumbumtima chokha.

Patapita masiku ndinapita kukaona mwana uja, ndipo ndinauza amai ake kuti galimoto imene inali pakona inali yanga. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndinaiona. Ndinkadikira kuti ndione ngati mwini wake adzabwera." Sanandikalipire. Anandipatsa mpando, tinamwa tiyi. Mau amenewo ndimawakumbukira nthawi zonse ndikagwira chiongolero.

Kuyambira pamenepo, m'chigawo chathu tinagwirizana zinthu zochepa. Kukagwa maliro timasiya magalimoto kutchalitchi ndi kukwera pamodzi ochepa, kapena kuyenda pansi. Timapempha achinyamata awiri kuti aziongolera oimika, kuti mbali imodzi ya mseu ikhale yotseguka, ndipo pakona ndi pa geti la munthu pasaime galimoto. Amene sayendetsa nawonso ali ndi mau: akhoza kuuza abambo, mwana kapena woyendetsa takisi kuti, "Chepetsani liwiro, muno muli ana."

Amai anzanga, pamsonkhano wanu wotsatira kambiranani za mseu umene uli kutsogolo kwa tchalitchi chanu ndi wa pakhomo panu. Dzifunseni kuti ndani amayendapo, ndi kuti kampanda kamene kakusowapo ndi kotani. Ambuye akusungeni inu ndi ana anu potuluka ndi polowa.