Makolo, Musachedwe Kuthandiza Mwana Wanu!

LINGALIRANI za mayi wokhala ku Sakubva, mumzinda wa Mutare, Zimbabwe. Mwana wake wa zaka ziŵiri samatembenuka poitanidwa, samaloza chinthu ndi chala, ndipo sanayambebe kulankhula. Achibale ena akunong'ona za ufiti, pamene ena akuti: 'Ingodikirani, nawonso atate wake anachedwa kulankhula.' Kodi iye ayenera kumvera yani?

2 Zizindikiro zoterozo zingasonyeze mkhalidwe wotchedwa autism, umene Dr. Leo Kanner wa ku Baltimore, United States, anaufotokoza mu 1943 atapenda ana 11. Mkhalidwewu umakhudza kakulidwe ka ubongo, ndipo chibadwa chimachita mbali yaikulu. Sumachititsidwa ndi ufiti, katemera, kapena tchimo la mayi. Kumbukirani kuti pamene ophunzira anafunsa za amene anachimwa kuti munthu wina abadwe wakhungu, Yesu sanaike liwongo pa munthuyo kapena pa makolo ake.—Yohane 9:1-3.

3 Nangano, kodi nchifukwa ninji kudikira sikuli kwanzeru? Akale anati mmera mpoyamba. Ubongo umaphunzira mofulumira koposa m'zaka zoyambirira za moyo, ndipo kaŵirikaŵiri dokotala wozoloŵera angazindikire autism mwana ali ndi zaka ziŵiri zokha. Chotero, mayiyo angayambire pakiliniki yapafupi, akumapempha kuti makutu a mwanayo apimidwe, ndi kuti atumizidwe ku Victoria Chitepo Provincial Hospital ngati kuli kofunika. Zoonadi, palibe mankhwala ochiritsa autism. Komabe, ana ambiri amapita patsogolo pamene makolo aphunzitsidwa kuseŵera nawo maso ndi maso, kugwiritsira ntchito mawu aafupi ndi zithunzithunzi, ndi kusunga ndandanda yosasinthasintha ya kudya ndi kugona.

4 Kodi kupita kuchipatala kumasonyeza kupanda chikhulupiriro? Kutalitali! Adani atawopseza Yerusalemu, Nehemiya anapemphera kwa Mulungu, komanso anaika alonda usana ndi usiku. (Nehemiya 4:9) Mofananamo, makolo anzeru amapemphera ndi kuchitapo kanthu mwamsanga.

5 Bwanji ponena za enafe mumpingo? Mwana wotero akatseka makutu ndi kulira pamene tikuimba, tisayang'ane mayi wake monga kuti walephera kulera. Phokosolo lingakhale likumpweteka kwenikweni. Mmalomwake, tiyeni timlandire mwachikondi, timtchule dzina lake, ndi kuwapumitsako makolo otopawo.—Agalatiya 6:2.

1. Kodi ndi vuto lotani limene mayi angayang'anizane nalo?
2. Kodi nchiyani chimene sichimachititsa autism?
3, 4. Kodi nchifukwa ninji makolo ayenera kufulumira?
5. Kodi mpingo ungathandize motani?