Tcheni chimakoka, sichikankha

Pa mjigo wa kufupi ndi kwathu ku Minga, ana akamapopa madzi mothamanga mumamveka kaphokoso m'mutu mwa pampu: khwa! khwa! khwa! Amayi odikira ndi zigubu zawo sachedwa kukalipa. "Iwe, popa bwino, uthyola mjigo!" Mwana uja amachepetsa liwiro, phokoso n'kuleka. Amayiwo amanena zoona, ndipo ali ndi chifukwa chokalipira, pakuti mjigo ukafa ndi iwo amene amalawirira kudambo mbandakucha. Koma chimene chimagunda mkatimo n'chiyani kwenikweni? Ine sayansi ndinaiphunzira ndithu, koma yankho logwira mtima ndinalipeza tsiku limene ndinayesa kumanga mjigo umenewu pa kompyuta.

Pali mapulogalamu amene munthu amajambulapo makina ndi kuwayendetsa asanagwire sipanala. Pa sikirini pamakhala timabokosi, kalikonse koimira chinthu chimodzi: aka ndi chitsulo cholemera mwakuti, aka ndi sipuling'i, aka ndi shoko yoletsa kunjanja, aka ndi gudumu lozungulira. Mumatikoka ndi mausi, n'kutilumikiza ndi mizere monga mmene zitsulozo zalumikizirana pa makina enieni. Kenako mumauza kompyuta kuti iyendetse chifanizocho kwa masekondi khumi. Iyo imadula nthawiyo m'tizidutswa ting'onoting'ono, pa kachidutswa kalikonse n'kuwerengera mphamvu, liwiro ndi malo a chitsulo chilichonse potsata malamulo omwe aja a Isaac Newton amene timaloweza ku sekondale. Pamapeto imakupatsani girafu.

Wotchuka kwambiri ndi Simulink wa kampani ya MathWorks ya ku America, koma ndi wogula, ndipo mtengo wake mphunzitsi wa ku Petauke sangaufikire ndi malipiro ake. Aulere alipo. Xcos amabwera pamodzi ndi Scilab, pulogalamu imene inayambira ku France. OpenModelica anakulira pa yunivesite ya Linköping ku Sweden, ndipo amagwiritsa ntchito chinenero cha Modelica chimene chinatuluka koyamba mu 1997. Mu Simulink ndi mu Xcos, njira yozolowereka ndi yoti timabokosi tiimire masamu: muyambe mwalemba nokha malamulo a kayendedwe ka chinthucho, kenako muwasandutse mabokosi ndi mivi. Mu OpenModelica timabokosi timaimira zitsulo zenizenizo, ndipo masamu amawasonkhanitsa ndi kompyuta. Kwa munthu woyamba kumene amene anakulira pakati pa njinga, ngolo ndi zigayo, ine ndimalimbikitsa njira yachiwiriyi, chifukwa zimene akuona pa sikirini zimafanana ndi zimene manja ake akuzidziwa kale.

Chimene ndikufuna kutsutsa ndi poyambira pake. Mabuku ndi mavidiyo ambiri ophunzitsa mapulogalamu amenewa amayamba ndi sipuling'i ya galimoto yodutsa pa bampu, kapena mkono wa loboti ya m'fakitale. Wophunzira amakopera manambala amene wapatsidwa, girafu yokongola n'kutuluka yofanana ndi ya m'buku, iye n'kukhutira. Komatu palibe chimene waphunzira choposa kudina mabatani, chifukwa alibe njira yodziwira ngati girafuyo ikunama. Galimotoyo sanaikwerepo, manambalawo sanawayeze. Ndikuti wophunzira wa kuno ayambe ndi makina amene angathe kupita kukawagwira lero lomwe, amene ali ndi munthu wowakonza wokhoza kumuuza kuti, "Ayi mwanawe, sizichita choncho."

Mjigo wathu ndi wa mtundu wa India Mark II, womwe uli ponseponse m'midzi ya Zambia. Ku Malawi wofala ndi Afridev, ndipo kapangidwe kake ndi kosiyana. Mu India Mark II, chogwirira chopopera n'cholumikizidwa ndi katcheni kakafupi ku ndodo zachitsulo zimene zimatsika m'mapaipi mpaka ku silinda pansi pa madzi. Ndodo iliyonse ndi ya mamita 3, yonenepa mamilimita 12. Silinda ndi ya mamilimita 63.5 mkati mwake. Mukakankhira chogwirira pansi, tcheni chimakoka ndodo m'mwamba, madzi n'kukwera. Nditawerengera za mjigo wa ndodo khumi, kutanthauza mamita 30, ndinapeza kuti madzi amene pisitoni imanyamula amalemera pafupifupi makilogalamu 95, ndodo zokha makilogalamu 27. Ndiye kuti tcheni chimasenza katundu woyandikira makilogalamu 120, matumba awiri a chimanga ndi kachigawo. Mwana wa zaka khumi amakwanitsa chifukwa mbali yaitali ya chogwirira imachulukitsa mphamvu yake pafupifupi ka 8. Kupopa kamodzi kumatulutsa madzi osakwana theka la lita, choncho chigubu cha malita 20 chimafuna kupopa pafupifupi ka 50, ndipo aliyense amene anatungapo angavomereze.

Zonsezi ndi masamu a pa pepala, sizifuna kompyuta. Kompyuta imalowerera pamene zinthu zayamba kuyenda. Ndinaika bokosi limodzi la kulemera kwa ndodo, lina la mphamvu ya madzi, lina la dzanja lokwera ndi kutsika, ndipo pakati pa chogwirira ndi ndodo ndinaikapo cholumikizira cholimba. Girafu inatuluka yosalala bwino. Ndinawonjezera liwiro la dzanja kawiri, katatu, koma kugunda kuja sikunaoneke. Malinga ndi chifanizo changa, mwana akanatha kupopa mothamanga mmene angafunire popanda vuto.

Ndinatenga laputopu kupita nayo kwa amalume, amene akhala akukonza mijigo ya m'dera lathu kwa zaka zambiri. Chingerezi cha pa sikirini sanachilabadire. Anandifunsa kuti bokosi lililonse likuimira chiyani, ndipo nditafika pa cholumikizira chija anandiimitsa.

"Apa mwati n'chiyani, aphunzitsi?"

"Ndi tcheni, amalume."

"Nanga chogwirira chikakwera, ndodo zimatsika bwanji mu chithunzi chanuchi?"

"Chimazikankhira pansi."

Anapukusa mutu. "Tcheni chimakoka, sichikankha. Ndodo zimatsika zokha ndi kulemera kwake. Mwana akakweza chogwirira msanga ndodo zisanatsike, tcheni chimakhwepa. Akabwezanso pansi, chimakungika mwadzidzidzi. Phokoso mukulifunalo ndi limenelo."

Ndinabwerera kukakonza. Mu OpenModelica muli kabokosi kotchedwa ElastoGap, kamene kamapereka mphamvu mbali imodzi yokha ndipo kamalola mpata kutseguka. Nditakaika moyenera m'malo mwa cholumikizira cholimba chija, ndi kuonjezera kukhuzana kwa pisitoni ndi madzi kumene kumachedwetsa ndodo potsika, girafu inasintha. Pa kupopa kodekha mzere unali wosalala ngati kale. Liwiro litapitirira malire ena, panayamba kutuluka minga zakuthwa, mphamvu ya pa tcheni ikulumpha kupitirira katundu wake wa masiku onse. Nditachepetsa chiwerengero cha ndodo, minga zija zinayamba kuoneka pa liwiro locheperapo, chifukwa ndodo zopepuka zimachedwa kugonjetsa kukhuzana kuja. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake pampu imeneyi siyenera kuikidwa pa chitsime chosaya. Amalume izi ankazidziwa kale m'manja mwawo. Chimene chifanizo chinaonjezera ndi kuonetsa kukula kwa kugundako ndi malire amene kumayambira, zinthu zomwe diso silingaone mkati mwa mutu wotseka wa pampu.

Taonani mmene zinayendera. Kompyuta sinalakwitse masamu ngakhale pamodzi. Inayankha mokhulupirika funso lolakwika limene ndinaifunsa. Chikhala kuti ndinayamba ndi sipuling'i ya galimoto ya m'buku, kulakwitsa kwa mtundu umenewu sindikanakugwira, chifukwa kulibe amalume amene akanapukusa mutu. Ichi n'chimene chimandidetsa nkhawa ndikaganiza za achinyamata athu amene amakwera basi pa Minga Stop kutsata msewu wa Great East kukaphunzira uinjiniya ku University of Zambia ku Lusaka, kapena kupitirira mpaka ku Copperbelt University ku Kitwe. Adzaphunzira mapulogalamu amenewa, ndipo n'koyenera kutero. Koma girafu yotuluka mu kompyuta imaoneka yaulemu, yaudongo, yovuta kuitsutsa, ndipo munthu amene sanazolowere kuiyesa ndi chitsulo chenicheni amaigwadira.

Alipo amene angati zonsezi ndi maloto a anthu okhuta. Kuno magetsi amathima, ndipo mu 2024, chilala chitaphwetsa nyanja ya Kariba, tinkakhala maola ochuluka pa tsiku opanda magetsi. Masukulu ambiri akumidzi ali ndi makompyuta owerengeka, ena alibiretu. Chimene mjigo wakufa ukusowa ndi marabala atsopano a pisitoni ndi mapaipi osachita dzimbiri, osati girafu. Mawu amenewa ndimawalemekeza, ndipo mbali ina ndi oona: palibe pulogalamu imene idzagule sipeya. Koma ndikuona kuti umphawi womwewo ndiwo ukutikakamiza kuwerengera tisanadule chitsulo. Fakitale yolemera ikhoza kupanga zinthu zisanu zoyesera n'kutaya zinayi. Wowotcherera zitsulo pa msika wa Petauke, amene wapatsidwa ndalama za chimanga cha chaka chonse kuti apange ngolo, ali ndi mwayi umodzi wokha. Mwini chigayo amene wagula pule yolakwika ku Lusaka wataya ndalama ya pule, ya basi, ndi ya masiku amene chigayo chaima.

Za chigayo ndinenepo pang'ono, chifukwa ndi chifanizo chachiwiri chimene ndingapatse wophunzira. Kupeza liwiro n'kosavuta: injini yozungulira ka 2,200 pa mphindi, yokhala ndi pule ya masentimita 20, ikakoka pule ya masentimita 15 pa chigayo, nyundo zimazungulira kupitirira ka 2,900. Chovuta ndi kamphindi kamene wogayitsa wakhuthulira chimanga chambiri nthawi imodzi. Injini imabuula, utsi wakuda n'kutuluka, lamba n'kulira. Kodi liwiro ligwa kufika pati, ndipo libwerera pakapita masekondi angati? Gudumu lolemera lija la pa injini, limene amakaniko amati flywheel, likuthandiza motani? Mabokosi anayi kapena asanu akukwana kufunsa mafunso amenewa, ndipo yankho mukhoza kukaliyerekeza ndi khutu lanu pa chigayo chenicheni, wotchi ya pa foni ili m'manja.

Nkhani ya intaneti si yoopsa monga mmene anthu amaganizira. Mapulogalamu aulerewa akalowa mu kompyuta safunanso netiweki. OpenModelica ndi wamkulu, woposa gigabaiti imodzi, choncho ndi bwino munthu mmodzi amukopere kumene kuli intaneti yabwino, ena onse atengere pa fulashi. Scilab ndi wocheperapo. Laputopu yakale imakwanitsa zifanizo zazing'ono ngati zimenezi, ndipo batire yodzadza ndi sola imafikitsa phunziro kumapeto.

Woyamba kumene asathamangire makina athunthu. Tsiku loyamba likhale la chitsulo chimodzi cholendewera pa sipuling'i imodzi. Achimange pa sikirini, kenako apachike mwala pa sipuling'i yeniyeni kapena pa mphira ya tchubu cha njinga, awerenge kuti ukudumpha kangati pa masekondi khumi, ayerekeze. Manambala akasiyana, asafulumire kusintha chifanizo kuti chigwirizane. Ayambe wafunsa chimene wasiya. Asamale ndi miyezo, chifukwa mapulogalamuwa amayembekezera mamita, makilogalamu ndi masekondi, ndipo kulemba 12 pamene pafunika 0.012 kumasandutsa ndodo ya mjigo kukhala chitsulo chonenepa kuposa nyumba. Asanadine batani loyendetsa, alembe pa pepala chimene akuyembekezera kuona. Chizolowezi chimenechi ndimachiumirira kuposa zina zonse, pakuti munthu amene sanalosere kalikonse amavomereza girafu iliyonse imene yabwera.

Ndikanakonda masukulu a ntchito zamanja a m'chigawo chathu, monga a ku Chipata ndi ku Ukwimi, atamaika pamodzi wophunzira wa laputopu ndi mmisiri wa sipanala pa makina amodzi. Zoti azifanizire sizisowa. Njinga yosenza mikoko ya nthochi ku Nyimba ikamatsika chitunda, mabuleki ake amatentha motani? Ekiselo ya ngolo imalandira nkhonya yaikulu bwanji gudumu likagwera m'dzenje, ngoloyo itadzaza matumba a mtedza? Makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa amafuna mkono wautali bwanji kuti mayi mmodzi awakwanitse tsiku lonse? Mafunso amenewa sali m'mabuku ochokera kunja, ndipo amene angawafunse ndi ife tokha.

Amalume ndinakawaonetsa girafu yatsopano ija. Anayang'anitsitsa minga zakuthwazo, n'kuloza imodzi ndi chala chakuda ndi girizi.

"Apa ndiye pamene bawuti ya tcheni imadyekera," anatero. "Tsopano muikemo mabering'i a chogwirira atatha, chizigwedera uku ndi uku. Ndikufuna ndione ngati chiziyamba msanga kugunda."

Kugwedera kwa m'mbali kumeneko chifanizo changa sichingakuonetse, chifukwa ndinachimanga choyenda mzere umodzi wokha, kukwera ndi kutsika. Pafunika kuchimanganso ndi mabokosi ena, a zitsulo zoyenda mbali zonse, ndipo ndayamba ndi kuyeza chogwirira chenichenicho ndi tepi, amalume atagwira mbali inayo.