Za Mboni Ziwiri Zosapangana

Pa bwalo la milandu, kaya kwa Kawinga kaya kwa Liwonde, mfumu yanzeru imapatula mboni ziwiri, nizifunsa iyi payokha, iyo payokha. Mau ao akafanana, timati zinaonadi cinthuco pamodzi, kapena zinapangana usiku, kapena wina anazembetsa mau pakati pao. Njira ina sitiidziwa. Koma kodi lamulo la pa bwaloli ligwira zolengedwa zonse?

Tiyese masewera awa. Munthu mmodzi akhale ku Liwonde, mnzace ku Balaka, popanda lamya kapena mthenga. Yense alandira mbeu imodzi mwa maere, cimanga kapena nyemba, osadziwa ya mnzace, nayankha "inde" kapena "iai." Apambana mayankho ao akafanana, koma onse awiri akalandira nyemba, apambana akasiyana. Aloledwa kupangana asanalekane. Akapangana kunena "inde" nthawi zonse, apambana katatu mwa kanai. Yesani pa sileti mapangano onse, pakuti alipo 16 okha, ndipo simudzapeza loposa ili. Malire a pangano ndiwo 75 pa 100.

Tsono m'cilengedwe muli tinthu tating'onoting'ono ta kuunika tobadwira pamodzi tiwiritiwiri. Wa ku Liwonde akatenga kamodzi, wa ku Balaka kanzace, yense nakapima monga mwa mbeu yace, nayankha cimene waona, angathe kupambana 85 pa 100. Albert Einstein ndi anzace awiri, m'caka ca 1935, anaganiza monga mfumu yathu ija, kuti tinthuto tinyamula mayankho kucokera pobadwa. John Bell anaonetsa mu 1964 kuti ganizoli liri ndi malire oyeseka. Alain Aspect anayesa ku France mu 1982, ndi ena ku Delft mu 2015 pa mtunda wa makilomita 1.3, ndipo malirewo anapyoledwa.

Wina adzati, "Umenewo ndi ufiti." Iai, ufiti ukonda mdima, koma izi yense wokhala ndi zipangizo azibwereza masana. Ndiponso palibe mau amene aoloka Shire. Wa ku Balaka, poyang'ana zace zokha, aona "inde" ndi "iai" zosakanizika ngati maere, ndipo sangadziwe ngakhale mbeu imene mnzace analandira. Kubvomerezanako kuoneka pokhapo atakomana ndi kulinganiza makope ao.

Pa mboni za anthu mfumu isasinthe kaweruzidwe kace, pakuti munthu ali ndi dzulo lace ndi lilime lace. Koma za tinthu tija, tobvomerezana popanda pangano kapena mthenga, akatswiri atsutsanabe kufikira lero cimene citilunzanitsa.