Ndodo ya Yakobo

Munthu wodutsa pa Biriwiri m'mamawa wa mwezi wa Juni, pamene chisanu chotsika kumapiri a Tsangano chikuluma zala, ndipo msewu wa M1 wagona ngati chingwe pakati pa Malawi ndi Mozambiki, akapenyetsetsa adzaona kuti mwa amayi okhala m'mbali mwa msewu ndi milu ya kachewere alipo ena amene, wogula akaima, sadzuka msanga, koma amayamba atsamiza dzanja pansi, nakwinya nkhope, naimirira pang'onopang'ono monga wosenza mtolo wosaoneka. Mmodzi wa iwo ndiwo azakhali anga, amene nyamakazi inawagwira m'chiuno, mbali ya kumanzere, ndipo pamene ndinawatengera ndodo, ndi kuwapempha kuti titsikire ku chipatala cha pa boma la Ntcheu, anaikankhira kumbali nati, "Mwana wanga, kodi sunawerenge za mfumu Asa, amene anadwala mapazi nathamangira kwa asing'anga? Ine ndidikira Yehova."

Funso limeneli si lopepuka, pakuti n'zoona kuti buku lachiwiri la Mbiri, pa mutu 16, limdzudzula Asa, amene anadwala m'chaka cha 39 cha ufumu wake. Komatu wowerenga mutu wonsewo adzapeza kuti mfumuyo inali itayamba kale kutembenukira Mulungu msana, pamene inatulutsa siliva ndi golide wa m'Kachisi kukagula thandizo la mfumu ya Aramu, kotero kuti tchimo lake linali kuiwala Mwini moyo, ndipo mankhwalawo anangompeza mtima uli kutali. Kukadakhala kuti mankhwala ndi chonyansa pamaso pa Ambuye, mneneri Yesaya sakadalamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa cha Hezekiya, ngakhale Paulo sakadayenda ndi Luka sing'anga, namtcha wokondedwa.

Tsono nyamakazi ya m'chiunoyi payokha ilibe chinsinsi. Mutu wa fupa la ntchafu, umene uli woburungira, ukhala m'chibowo cha fupa la chiuno monga musi mumtondo, ndipo Mlengi anakuta mafupa onse awiri ndi chicherewecherewe chosalala. Koma zaka zikachuluka, makamaka kwa iwo amene akalambira pa khasu ndi kusenza matumba pa zitunda, chicherewecherewecho chimaperepeseka, mafupa nayamba kukhulana, ululu numveka m'mphechepeche mpaka pa bondo, mwendo nuuma m'mawa. Mtondo wakale ukakumbika m'kati, palibe amene amathamangira kwa woombeza ula kukafunsa amene waulodza. Nanga bwanji chiuno cha gogo chikatha, timaloza mnansi chala, ndi kutema mphini pa khungu pamene vuto lili pa fupa?

Chiyambire 1985 dziko lino liphunzitsa akatswiri a mafupa amene amatumizidwa m'zipatala za m'maboma, ndipo uphungu wao ngwosavuta: kuyenda pang'ono tsiku ndi tsiku, pakuti mfundo yongokhala imaumiratu, kuchita mafizo olimbitsa minofu, kuthowa ndi madzi ofunda, kukhala pa mpando wotalikirapo m'malo mwa mphasa, kumwa panado pa muyeso wake, ndi kuchenjera ndi brufen, amene akamwedwa masiku ambiri amakanda m'mimba ndi kuononga impso. Chiuno chikatheratu, madokotala amachotsa mutu wa fupa naikapo wachitsulo, monga ankachitira ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2002. Koma opaleshoni yotere njodula kulikonse, ndipo ambiri a ife tidzafika kumanda ndi chiuno chimene tinabadwa nacho. Wozengereza pa zazing'onozi akumbukire kuti zengerezu adalinda kwawukwawu.

Pakuti nyamakazi yotere imachepetsedwa ululu koma sichoka, funso lenileni ndi lakuti: kodi munthu wosachira ndiye kuti Mulungu wamtaya? Pa dooko la Yaboki, Yakobo analimbana ndi mlendo usiku wonse, ndipo mlendoyo anamgululira ntchafu, nampatsanso mdalitso ndi dzina latsopano. Dzuwa litatuluka pa Penieli, kholo lija linachoka lili lodalitsika, koma lili kutsimphina. Mdalitso ndi chilema zinatulukira khomo limodzi, ndipo kalata ya kwa Ahebri, powerenga ngwazi za chikhulupiriro, imuonetsa Yakobo pa mapeto a moyo wake akulambira atatsamira pa ndodo. Makolo athu, amene anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, anadziwa kale kuti ulemu wa munthu sukhala m'mayendedwe ake.

Izi ndinawasimbira azakhali madzulo ena tikuotha moto, ndipo sanandiyankhe kanthu. Koma Lamulungu lotsatira ndinawapeza pakhonde, ndodo ija ili kudzanja lamanzere. Ndinawauza mwaulemu kuti, "Azakhali, igwireni kumanja, pakuti ndodo imakhala kumbali imene sikupweteka, kuti izipita patsogolo pamodzi ndi mwendo wodwalawo." Anaisintha, nayesa mapazi atatu, naima, nandiyang'ana mwa nthabwala nati, "Nanga Yakobo wakoyo anaigwira ndi dzanja liti?" Ndipo tinanyamuka kunka ku tchalitchi, iwo ali patsogolo, akutsimphinabe.